Khodi Yatuluka pa Sikirini ya Katapila: Pezani Vuto Musanagule Sipeya

Funso limabwera lofanana nthawi zonse. Munthu atumiza chithunzi cha sikirini ya makina pa WhatsApp, manambala akuoneka movutikira chifukwa cha fumbi, pansi pake n'kulemba kuti, "Abwana, ndigule sensa iti?" Yankho lake ndalilemba pano kamodzi n'kamodzi.

Khodi sitchula sipeya yoti mugule. Imatchula dera la magetsi lomwe kompyuta ya makina ikudandaula nalo, ndi mtundu wa dandaulolo. M'dera limenelo muli zinthu zitatu: sensa kapena solenoid (koyilo yamagetsi yosuntha vavu), mawaya ndi mapulagi ake, ndi kompyuta yeniyeniyo. Kompyuta sidziwa kuti mwa zitatuzi cholakwa n'chiti, iyo imangoyeza voltage yomwe yafika pa pini yake. Kulekanitsa zitatuzo ndi ntchito yanu. Pa makina ogwira m'matope a dzinja ndi m'fumbi la kumalo ophwanyira miyala, wolakwa kawirikawiri amakhala waya kapena pulagi, ndipo kompyuta ndiyo yomaliza kuikayikira.

Pano ndikati katapila ndikutanthauza makina onse akuluakulu monga timawatchulira kwathu: excavator, buldoza, gireda ndi loda, kaya ndi Caterpillar, Komatsu, Volvo, Hitachi, JCB, SANY kapena XCMG. Kompyuta ndi bokosi lomwe mabuku amalitcha ECM kapena ECU, ndipo makina amodzi amakhala nazo zingapo: ya injini, ya mahaidiroliki, ya giya, ndi sikirini yomwe. Hanesi ndi mtolo wa mawaya.

Muyenera kukhala ndi mita (multimeter) yoyeza DC, AC, ma ohm, Hz ndi %, babu la 24V la 21W lomangirira mawaya awiri, timawaya tifupitifupi tokhala ndi mapini enieni a Deutsch (mtundu wa mapulagi a pa makinawa) kunsonga, mankhwala opopera otsukira mapulagi, kope, ndi dayagilamu ya mawaya yogwirizana ndi serial number ya makina anuwo. Dayagilamu ya makina "ofanana nawo" idzakusocheretsani, chifukwa excavator ya Caterpillar 320D imodzi ndi inzake zimasiyana mapini malinga ndi zilembo zoyambirira za serial number. Musanagwire waya aliyense, tsitsani baketi kapena buledi pansi, kokani chogwirira chotsekera mahaidiroliki, ndipo kiyi akhale m'thumba mwanu.

1. Lembani zonse musanafufute chilichonse

Cholakwa choyamba cha amakaniko ambiri ndi kufufuta makhodi "kuti tione ngati abwerenso". Mukatero mwataya umboni. Lembani khodi iliyonse yathunthu, ndipo muone ngati ili yamoyo, kutanthauza kuti vutolo lilipo panopa, kapena yosungidwa, kutanthauza kuti linachitika n'kuchoka. Makina ambiri amasonyezanso maola a injini pamene khodi inatuluka koyamba, pamene inatuluka komaliza, ndi kuti yatuluka kangati. Makhodi asanu amene anatuluka pa ola limodzi ali ndi gwero limodzi. Khodi yomwe inatuluka kamodzi maola 900 apitawo isakutayitseni nthawi.

Kenako funsani opareta, osati foromani. Zinayamba liti? Injini ili yozizira kapena itatentha? Pozungulira, poyenda, kapena pokweza boom? Makina atsukidwa ndi madzi a pulesha posachedwa? Pali amene anawotcherera baketi, kusintha batire, kapena kumangirira chipangizo cha GPS? Funsani mofatsa, chifukwa opareta akaona ngati mukufuna kumukankhira mlandu adzangoti "zangoyamba zokha".

2. Werengani khodiyo chigawochigawo

Pa Caterpillar khodi ili ndi zigawo zitatu. MID ndi kompyuta yomwe ikudandaula: 036 ndi ya injini, 081 ya giya, 030 sikirini. CID ndi dera: 100 pulesha ya oyilo wa injini, 110 kutentha kwa madzi a injini, 190 liwiro la injini, 168 voltage ya makina onse, 262 magetsi a 5V opita kumasensa, 41 magetsi a 8V, ndipo 1 mpaka 6 ndi ma injector. FMI ndi mtundu wa vuto.

Makina otsatira J1939, dongosolo limene makompyuta a makina amalankhulirana, kuphatikizapo ambiri a ku China okhala ndi injini za Cummins, amagwiritsa ntchito SPN, yomwe imatchula dera ngati CID, ndi FMI. Manambala ambiri amafanana ndi a Cat: SPN 100, 110, 168, 190. Onjezani 102 ya pulesha ya tabo, 157 ya pulesha ya common rail (paipi yogawira dizilo ku ma injector onse), 97 ya madzi m'dizilo, 3509 ndi 3510 za magetsi a masensa, ndi 651 mpaka 656 za ma injector. Volvo zakale zimalemba MID 128 pa kompyuta ya injini, kenako PID kapena SID yotchula dera, kenako FMI.

FMI muyenera kuiloweza pamtima:

0 ndi 1: sensa ikuwerenga bwino, koma chomwe ikuyezacho chakwera kapena chatsika mowopsa. 15 ndi 16 ndi kukwera kocheperako, 17 ndi 18 kutsika kocheperako.
2: zomwe zikubwera n'zosokonekera kapena zosagwirizana ndi masensa ena.
3: voltage yakwera kuposa malire. 4: voltage yatsika kuposa malire.
5: moto woyenda m'dera wachepa, nthawi zambiri waya waduka. 6: moto wachuluka, waya kapena koyilo yakhudza ethi (mbali ya negative, yolumikizidwa ku chitsulo cha makina).
7: magetsi apita koma chitsulo sichinasunthe. 8: kugunda kwa siginolo kwalakwika. 9: kompyuta ina yasiya kuyankhula. 12: chipangizo chawonongeka mkati. 13: pakufunika calibration, kutanthauza kutcheranso miyeso ya chipangizocho.

Komatsu ili ndi kalembedwe kake ka zilembo ndi manambala zisanu ndi chimodzi, ndipo ziwiri zomaliza zimagwira ntchito ya FMI: KA waya waduka, KB shoti, KY waya wakhudza wina wa moto, KR makompyuta sakulankhulana. Makhodi oyamba ndi CA ndi a injini ndipo manambala ake ndi a Cummins: CA144 ndi voltage yokwera pa sensa ya kutentha kwa madzi, CA145 yotsika. E02 kapena L03 yomwe opareta amaona pa sikirini si khodi yeniyeni ayi, imangomuuza kukula kwa vuto. Khodi yathunthu ili mkati mwa menyu ya amakaniko.

Pa sayiti vuto lililonse la magetsi limatchedwa shoti. Pofufuza, zilekanitseni: waya woduka, waya wokhudza bodi, ndi waya wokhudza mnzake wa moto. Chilichonse chimayezedwa mwanjira yake.

3. Onani ngati vutolo lili la magetsi n'komwe

110-3 ndi 110-0 (dera 110, FMI 3 ndi FMI 0) zikutchula sensa imodzi, koma ndi nkhani ziwiri. 110-3 ikuti dera la sensa lili ndi vuto. 110-0 ikuti injini yatenthadi, choncho pitani ku radiator yotsekeka ndi fumbi, lamba wa fani ndi madzi. Pa Cat zoterezi zimabweranso ndi chilembo E: E360 ndi pulesha ya oyilo yotsika, E361 madzi otentha kwambiri, ndipo nambala 1, 2 kapena 3 yotsatirapo ikusonyeza chenjezo chabe, kuchepetsedwa kwa mphamvu, kapena kuzimitsa. Ikatuluka E360 kapena 100-1, zimitsani injini ndipo mangani geji ya pulesha ya singano musanaimbe mlandu sensa. Injini zafa chifukwa wina anati "ndi sensa chabe".

Chimodzimodzi 157-18, yomwe pa Cummins ndi 559 ndipo pa Komatsu ndi CA559: yambani ndi mafyuluta a dizilo, madzi m'kapu ya separator, ndi mpweya wolowa m'mapaipi. Dizilo wa m'madiramu ndi m'zigubu amatulutsa khodi imeneyi kuposa sensa.

4. Mabatire ndi ethi

Musadumphe gawo ili ngakhale injini ikulira bwino. Yezani batire lililonse palokha makina atapuma: lodzaza limapereka 12.6V, awiri pamodzi kupitirira pang'ono 25V. Limodzi likasiyana ndi linzake, yang'anani ngati wina anakoka 12V pa batire limodzi ya wailesi kapena tchaja ya foni. Zimenezo zimapha mabatire onse awiri. Poliza injini voltage isatsike pansi pa 19V, chifukwa ikagwa kwambiri makompyuta amazima n'kudzukanso, aliyense n'kulemba khodi yoti mnzake wasowa. Injini ikulira muone 27V mpaka 28.5V. Tembenuzirani mita ku AC pa mabatire pomwepo: yopitirira 0.5V ikusonyeza ma diode a alternator akufa, ndipo amasokoneza masensa a liwiro.

Ethi isayezedwe ndi ma ohm. Ikani waya wakuda wa mita pa mutu wa negative wa batire, wofiira pa buloko ya injini, wina alize injini. Kupitirira 0.5V ndiye kuti chingwe cha ethi, malo omangira kapena switchi yaikulu yodulira batire zili ndi dzimbiri. Chitani zomwezo pakati pa batire ndi kabu, nyale ndi fani zili zoyaka, chifukwa kabu imakhala pa mphira ndipo imadalira kachingwe kamodzi kamene kamaiwalika.

5. Makhodi akatuluka ambiri, funani chimene akugawana

Masensa anayi safa tsiku limodzi. Tsegulani dayagilamu muone chimene onsewo akugawana: waya wa 5V, waya wa ethi ya masensa, fyuzi, kapena pulagi yaikulu imodzi. Ngati pali 262-4, 3509-4 kapena CA352, yambani ndi imeneyo, enawo ndi ana ake. Sensa imodzi ikachita shoti mkati imagwetsa 5V ya onse. Ikani mita pa waya wa 5V, kiyi ali ON, ndipo zulani masensa a pa waya ameneyo imodziimodzi. Yomwe mukaizula 5V n'kubwerera ndiyo yakufa. Mukazula onse koma voltage osabwerera, waya wa 5V wakhudza bodi penapake.

6. Maso ndi manja

Tsatani hanesi kuchokera pa sensa mpaka ku kompyuta. Malo okayikitsa ndi odziwika: pamene yadutsa pa ngodya ya chitsulo, pansi pa kalampu yomwe mphira wake unatha, pafupi ndi ekizozi, patsinde pa boom pamene imapindika tsiku lonse, ndi pansi pa kabu pamene makoswe amamanga chisa makina akaima nyengo ya mvula. Paliponse pamene pali tepi yakuda yomwe sinachokere ku fakitale, matulani muone.

Zulani pulagi muunike ndi tochi. Ufa wobiriwira pa mapini ndi chinyontho. Onani ngati kamphira kotchinga madzi kalipo, ngati mabowo opanda waya ali ndi zotsekera zake, ndi ngati kapulasitiki kokhomera mapini a Deutsch kakhala bwino. Kokani waya aliyense payekha ndi mphamvu ya makilogalamu anayi kapena asanu. Mabuku a Cat amati 45 N. Waya wabwino sasuntha. Kenako tengani pini yatsopano yaimuna muilowetse m'bowo lililonse la mbali yaikazi: iyenera kugwira, osagwa yokha mukazondotsa pulagi. Mabowo ambiri otakasuka anatakasulidwa ndi amakaniko okankhiramo nsonga za mita. Musaboolenso waya ndi singano poyeza. Kabowo kameneko kamalowetsa madzi ndipo dzinja likamatha waya amakhala atawola mkati.

7. Ikakamizeni khodi kuti isinthe

Apa ndi pamene ambiri amalumpha, chonsecho ndi pamene pali yankho. Mfundo yake ndi iyi: mupanga dala vuto losiyana ndi lomwe lilipo, n'kuona ngati kompyuta ilizindikira. Ikalizindikira, kompyuta ndi mawaya onse mpaka pamalo pamene mwaimapo n'zabwino.

Tiyambe ndi sensa ya kutentha ya mawaya awiri. Mkati mwake muli resistor yomwe ma ohm ake amatsika ikamatentha. Kompyuta imatumiza 5V pa waya wa siginolo kudzera mu resistor yake, ndipo sensa imaikokera pansi. Waya akaduka palibe chokokera pansi, kompyuta imaona 5V yonse n'kulemba FMI 3. N'chifukwa chake FMI 3 nthawi zambiri ndi waya woduka kapena pulagi yosagwira, osati waya wokhudza moto monga ambiri amaganizira. Makina ena vuto lomweli amalilemba FMI 5.

Tinene kuti muli ndi 110-3 yamoyo. Zimitsani kiyi, zulani sensa, yatsani kiyi. Yezani pakati pa mapini awiri a mbali ya hanesi. Muyenera kuona pafupifupi 5V. Mukapanda kuiona, siyani nsonga yofiira pa pini ya siginolo, yakuda muiike pa negative ya batire. 5V ikaoneka tsopano, woduka ndi waya wa ethi ya sensa. Ikapanda kuoneka, woduka ndi wa siginolo. Mukaona 8V kapena 24V, siginolo yakhudzana ndi waya wina m'hanesi.

Zimitsani kiyi, lumikizani mapini awiriwo ndi kawaya kanu, yatsani kiyi ndipo dikirani masekondi 30. Khodi iyenera kusanduka 110-4. Ikasintha, kompyuta ili bwino, mawaya onse awiri ali bwino, ndipo chatsala ndi sensa kapena mapini a pa pulagi yake. Apa ndiye mungagule sensa. Ikapanda kusintha, pitani pa pulagi ya kompyuta, tulutsani waya wa siginolo ndi chotulutsira mapini, lowetsanimo kawaya kanu, ndipo mulumikize ndi pini ya ethi ya masensa pomwepo. Ikasintha pamenepa, vuto lili m'hanesi pakati pa malo awiriwa. Bwerezani pa pulagi iliyonse yapakati mpaka mutapeza chigawo chake. Ikakana ngakhale pa kompyuta pomwe, mwayamba kukhala ndi chifukwa chokayikira kompyuta.

Mukayamba ndi 110-4 njira yake ndi yotembenuza. Zulani sensa. Khodi ikasanduka 110-3, sensa yachita shoti mkati. Ikakhalabe 4, waya wa siginolo wakhudza bodi kapena ethi. Mutulutseni pa pulagi ya kompyuta muone ngati khodi isintha.

Masensa a pulesha a mawaya atatu ali ndi moto, ethi ndi siginolo. Pa Cat nthawi zambiri A ndi moto, B ethi, C siginolo. Yambani ndi moto pakati pa A ndi B: buku la Cat limafuna 5.0V, kusiyana kosapitirira 0.16V. Siginolo ya masensa ambiri otere imayenda pakati pa 0.5V ndi 4.5V, ndipo kunja kwa malire amenewo ndiko kumabweretsa FMI 3 kapena 4. Samalani apa, chifukwa opanga amasiyana. Pa Cat, mukazula sensa mumapeza FMI 3, ndipo mumalumikiza siginolo ndi ethi kuti mupeze 4. Pa injini za Cummins, mukazula sensa ya pulesha ya tabo mumapeza khodi ya voltage yotsika, 123, ndipo mumalumikiza moto wa 5V ndi siginolo kuti mupeze 122. Musalumikize moto ndi ethi, ndipo moto wa batire usafike pa pini ya siginolo ngakhale kamodzi.

Masensa ena a Cat, monga a throttle ndi a zogwirira, amalandira 8V ndipo amatumiza siginolo yogundagunda ya PWM. Mita ikakhala pa DC imakupatsani nambala yopanda tanthauzo. Ikani pa %, sunthani chogwirira pang'onopang'ono kuchokera kumayambiriro mpaka kumapeto, ndipo nambala ikwere mosadumpha. Ikadumpha kapena kuzimirira pamalo amodzi, sensa yatha pamenepo.

Palinso sensa yonama koma yosatuluka m'malire, imene imabweretsa FMI 2 kapena osabweretsa khodi konse. Imeneyi imagwidwa m'mawa injini isanalizidwe. Yatsani kiyi, werengani pa sikirini kapena pa laputopu: kutentha kwa madzi, kwa mpweya wolowa ndi kwa oyilo wa haidiroliki kukhale pafupifupi kofanana, popeza zonse zagona panja usiku umodzi. Pulesha ya oyilo ndi ya rail zikhale pa ziro kapena pafupi. Sensa yoyeza mpweya wa kunja isakudabwitseni ikapanda kunena 101 kPa: ku Lilongwe, komwe kuli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, imanena 89 kapena 90, pamene ku Nsanje imayandikira 100. Chofunika n'chakuti igwirizane ndi ya tabo injini ili chizimire.

8. Yesani waya ndi katundu

Mita ikhoza kulira kuti waya ndi wabwino pamene mkati mwatsala kaulusi kamodzi ka kopa. Ndi ngati mlatho wa mtengo umodzi: mwana awoloka, ngolo siwoloka. Mita imakoka moto wochepetsetsa, choncho imaonetsa 24V ngakhale kudzera m'dzimbiri, koma solenoid ikafuna moto weniweni voltage imagwa.

Zulani waya mbali zonse ziwiri, ya kompyuta ndi ya chipangizo. Osaiwala mbali ya kompyuta, mungaiotche. Yezani kaye: kuchokera nsonga kufika nsonga isapitirire 1 ohm, ndipo pakati pa waya ndi bodi, kapena waya ndi anzake a m'pulagi, mabuku a Komatsu amafuna 1 megaohm kapena kuposa. Kenako lowetsani moto wa batire kudzera pa fyuzi ya 5A kunsonga imodzi, babu la 21W kunsonga inayo kupita ku ethi. Babu limeneli limakoka pafupifupi ampere imodzi. Liyake mowala ngati mmene limayakira pa batire penipeni. Likafiira, waya wawola.

Lisiyeni likuyaka ndipo yendani ndi hanesi mukuigwedeza, kuipinda ndi kuikoka chigawochigawo, mnzanu akuyang'ana babu. Pamene liphethire ndi pamene pali vuto. Iyi ndiyo njira yogwirira makhodi obwera n'kuchoka. Cat ET, pulogalamu ya pa laputopu ya Caterpillar, ili ndi Wiggle Test yomwe imalira nambala ikadumpha, koma babu limagwira ntchito yomweyo pa makina alionse. Ngati khodi imabwera makina akatentha, yesani atatentha. Ngati imabwera boom ili m'mwamba, vuto lili pamene hanesi imakokeka boom ikakwera.

9. Ma solenoid, ma injector ndi masensa a liwiro

FMI 5 ndi 6, kapena KA ndi KB, zimakonda ma solenoid. Yezani ma ohm a koyilo itazulidwa, kenako pakati pa pini ndi thupi lake lachitsulo, pomwe payenera kukhala potseka. Pa ma excavator a Komatsu monga PC200-8, solenoid ya EPC, yowongolera pampu pang'onopang'ono, imakhala pakati pa 7 ndi 14 ohm, ndipo zongotsegula ndi kutseka, monga ya buleki ya swing, pakati pa 20 ndi 60. Koyilo ina imayeza bwino ili yozizira n'kuduka ikatentha. Ngati pali ma solenoid awiri ofanana moyandikana, sinthanitsani mapulagi ake injini ili chizimire, yatsani kiyi, muone ngati khodi itsatira solenoid kapena ikhala pa waya womwewo. Bwezerani musanalize injini. Solenoid ya EPC musaipatse 24V mwachindunji poiyesa, imapsa.

Ma injector a HEUI ndi EUI a Cat amalandira magetsi a pafupifupi 100V. Musagwire mawaya ake injini ikulira, ndipo musamasule paipi ya common rail kuti muone ngati dizilo akufika. Pulesha yake imapitirira 1,500 bar ndipo dizilo amaboola khungu. Khodi ya injector ikatuluka, yang'anani kaye hanesi ya pansi pa chivundikiro cha mavavu ndi timanati ta pa injector.

Sensa ya liwiro ya maginito ya mawaya awiri imapanga yokha AC injini ikamazungulira. Itulutseni muone kunsonga: tizitsulo tomatirira kapena mpata wolakwika zimabweretsa 190-8 kapena 190-2 sensa ili yabwinobwino.

10. Makompyuta akasiya kulankhulana

CID 247, SPN 639, FMI 9 kapena KR zikuloza ku mawaya a CAN olankhulirana makompyuta, awiri opotana, wachikasu CAN-H ndi wobiriwira CAN-L pa makina ambiri. Musanawakhudze, onani ngati kompyuta yomwe "yasowayo" ili ndi moto ndi ethi, chifukwa nthawi zambiri ndi fyuzi kapena relay yake. Zikakhala bwino, dulani switchi ya batire ndipo yezani ma ohm pakati pa H ndi L. Kunsonga ziwiri za mzerewu kuli ma resistor a 120 ohm, ndiye muyenera kuona 60. Mukaona 120, resistor imodzi yasowa kapena waya waduka pakati. Pafupifupi 40 ndiye kuti wina anawonjezera yachitatu, kawirikawiri kudzera pa chipangizo cha GPS kapena choyezera dizilo chomangiriridwa pambuyo. Pafupi ndi ziro, mawaya awiriwo akhudzana. Kiyi ali ON, H imakhala pamwamba pang'ono pa 2.5V, L pansi pang'ono, ndipo mukaziphatikiza zimayandikira 5V. Mmodzi akakhala pa ziro kapena pa 24V, zulani makompyuta imodziimodzi mpaka voltage itabwerera.

Pa pulagi yozungulira ya mapini 9 ya J1939, yolumikizirapo laputopu, C ndi CAN-H ndipo D ndi CAN-L. Ya Cat imaoneka chimodzimodzi koma inalumikizidwa mosiyana, ndi moto ndi ethi zomwe, choncho musalowetsemo chingwe cha makina ena. Cat Data Link, ya CID 248, ndi mzere wina ndipo muyeso wa 60 ohm suikhudza.

11. Kukonza, kufufuta ndi kutsimikiza

Waya wowola mudulireni kutali mpaka mutapeza kopa wowala, mulumikize ndi cholumikizira chofinya chokhala ndi chubu chomata ndi kutentha, kapena mukoke waya watsopano wa kukula komweko. Kupota ndi zala n'kukulunga tepi kumagwira mpaka mvula yoyamba. Mapini a Deutsch afinyidwe ndi chofinyira chake, osati pulayala. Mawaya a CAN apotedwenso monga analili. Chotsaninso chimene chinadya wayayo: bwezerani kalampu, sunthani hanesi pa ngodya.

Kompyuta isinthidwe pokhapokha moto ndi ethi zake zayesedwa ndi babu pa mapini ake enieni, pulagi yake ilibe madzi kapena oyilo woyenda m'mawaya, ndipo khodi yakana kusintha pa gawo 7. Funani chimene chinaipha, apo ayi yatsopanoyo ifanso: solenoid ya shoti, mabatire olumikizidwa mozondoka, kuzula batire injini ikulira, kudzutsa makina ndi makina owotcherera, kapena kuwotcherera mapulagi a kompyuta ali chilumikizire. Powotcherera, dulani batire, zulani mapulagi a makompyuta, ndipo kalampu ya ethi ikhale pafupi ndi powotchererapo. Pa makina atsopano ogwiritsa ntchito DEF (madzi oyeretsera utsi, AdBlue), dikirani nyale ya pafupi ndi switchi ya batire izime musanadule. Kompyuta yatsopano kapena ya pa makina ena imafuna pulogalamu yoyenera injiniyo, makonzedwe a makinawo ndi makhodi a ma injector, ndipo izi zimalowetsedwa ndi Cat ET, INSITE ya Cummins, Tech Tool ya Volvo kapena ServiceMaster ya JCB.

Khodi yamoyo imachoka yokha vuto likatha. Zosungidwa ndizo mumafufuta. Mukafufuta, opareta agwiritse makina ntchito yeniyeni mpaka oyilo atatentha, achite zomwe ankachita pamene khodi inkatuluka, kenako muwerengenso. Lembani m'kope la makinawo tsiku, maola a injini, khodi, manambala omwe munayeza, ndi malo enieni pa hanesi pamene mwalumikiza.